Dzina la Pachiguduli

Nyengo yosankha fodya ikafika kwathu kuno ku Chisemphere, pamene mvula yatsazika, tsekera wayamba kufiirira m'madambo, ndipo fungo la fodya wa bale latuluka m'zigafa n'kudzaza njira zonse zolowera ku Nkhamenya, mtima wanga umabwerera kwa malemu abambo anga, ndipo ndimawaona monga ndinkawaonera ndili mnyamata: ali chikhalire pamphasa m'mamawa, miyendo atatambalala, tsamba lili m'manja, akulitembenuza uku ndi uku cha kukuwala kwa pakhomo, ngati munthu amene walandira kalata yochokera kutali ndipo safuna kuti liwu ngakhale limodzi limuphonye. Sankakonda kugwira fodya dzuwa litakwera, pakuti tsamba louma limafuna chinyontho cha m'mawa kuti lifewe, apo ayi limathetheka m'zala. Ndiponso sankafuna kulankhulitsidwa pa ntchitoyo, chifukwa ankati diso likamasankha, pakamwa pazipuma. Masamba a m'munsi ankawaika paokha, a pakati paokha, a kunsonga paokha. Ndipo m'milu imeneyinso ankasiyanitsa ofiira ndi otuwa, aatali ndi aafupi, athunthu ndi ong'ambika, kufikira mulu uliwonse utafanana ngati ana a mimba imodzi.

Iwo anayamba ntchito imeneyi ali tenanti pa esiteti ina, m'masiku amene lamulo silinkalola mlimi wa m'mudzi kulima bale m'munda wa makolo ake. Ndipo pamene chitseko chinatsegulidwa m'chaka cha 1990, alimi ang'onoang'ono n'kuloledwa kulima fodyayo ndi kumugulitsa kudzera m'makalabu, panalibe chinthu chowakondweretsa mtima koposa kuona nambala ya kalabu yawo italembedwa pachiguduli cha belo lopita ku okushoni ku Kanengo. Chaka china ine ndi mng'ono wanga, titatopa ndi kusankha, ndiponso titaona kuti fodya wokoma sakwana belo, tinatenga masamba akuda a m'munsi n'kuwalowetsa pakati, pansi ndi pamwamba n'kuyalapo okongola, kenaka n'kutsitsa jeke. Abambo atafika anapisa dzanja m'belomo lisanasokedwe, nasolola tsamba limodzi lakuda, naliika pabondo pawo. Sanakalipe. Anandifunsa kuti, "Kodi iwe, nambala imene tilembe pachigudulipa ndi ya yani?" Ine ndinati, "Ndi ya kalabu yanu, abambo." Iwo anati, "Tsono amene akatsegule belo limeneli ku Kanengo sadziwa nkhope yanga, sadziwanso nkhope za anzanga a m'kalabu. Akatidziwira m'katimu. Masulani." Tinamasula, ndi kusankhanso tsamba ndi tsamba mpaka nkhuku zitalowa m'khola.

Nditakula ndinakaona ndekha chimene ankanena. Pa msika wa fodya, kaya ndi ku Kanengo, ku Limbe, ku Mzuzu, kapena ku Chinkhoma kumene mabelo athu ambiri amapita masiku ano, ogula amayenda m'mizere ya mabelo mofulumira, ndipo palibe amene angaunike tsamba lililonse la m'belo lolemera pafupifupi makilogalamu 100; amapisa dzanja, nayang'ana pang'ono, nakhulupirira kuti zimene aona zikuimira zimene sanaone. Belo likapezeka ndi fodya wosakaniza, wankhungu, kapena lili ndi mapulasitiki, nthenga ndi miyala, limabwezedwa, mwini wake n'kutaya ndalama ndi masiku. Ndipo choipa koposa, chikayiko chimagwera kalabu yonse, nthawi zina dera lonse, pakuti akuluakulu anati nsomba ikawola imodzi, zonse zawola.

Ndakumbukira zimenezi chifukwa cha malonda ena amene afika pakati pathu, malonda opanda fungo ndi opanda kulemera, amene sikelo singawayese ndipo dzanja silingawapise: ndikunena mafilimu amene anyamata amabena m'mafulashi ndi m'timemori ta mafoni pa misika yathu. Ife obadwa m'nthawi ya Kamuzu tinakula dziko lilibe wailesi yakanema, popeza Television Malawi inayamba kuulutsa m'chaka cha 1999. Kanema amene tinkamudziwa anali wa galimoto zachikasu za a zaulimi, zimene zinkafika mwa kamodzikamodzi n'kuimika chinsalu pabwalo, mudzi wonse n'kukhamukirako ndi mphasa, ana ali kumbuyo. Pambuyo pake panabuka nyumba za vidiyo, zamdima ndi zotentha, jenereta ikulira kuseri, pakhomo pali bolodi lolembedwa ndi choko. Ndipo kumeneko ndiko ndinayamba kuona dzina likulekana ndi mwini wake. Filimu iliyonse ya msilikali wosavala malaya inkatchedwa Rambo, manambala ake n'kumakwera monga mwini nyumba wafunira, lero Rambo 7, mawa Rambo 9, chikhalirecho mafilimu enieni a Rambo, kuyambira ya 1982 kufikira ya 2019, ndi asanu okha. Tinkalipira, tinkaonera, ndipo popeza nkhonya zinalimo ndi mfuti zinalira, panalibe wodandaula. Matepi anapita, kunabwera madisiki a VCD ndi DVD, nawonso n'kupita. Lero mnyamata mmodzi wokhala ndi laputopu, sola padenga ndi batire pansi pa tebulo, amasunga mafilimu amene nyumba khumi za vidiyo sizikanawasunga. Koma wogula saonanso chikuto kapena chithunzi. Amaona mndandanda wa mayina pagalasi, naloza ndi chala. Dzina lokhalo ndilo chiguduli, ndilo nambala, ndilonso mboni.

M'chaka cha 2019 mbiri inawanda yakuti kwatuluka filimu ya William Kamkwamba, mwana wa ku Wimbe m'boma lathu lomwe lino la Kasungu, amene pa njala ya 2001 ndi 2002, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, anakangamira mabuku a m'laibulale napanga makina a mphepo otulutsa magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake. Filimuyo, The Boy Who Harnessed the Wind, anaitsogolera Chiwetel Ejiofor, anaijambulira kuno ku Kasungu, ndipo inaikidwa pa Netflix, kumene ambiri a ife sitifika chifukwa cha kukwera mtengo kwa intaneti. Tinali ndi zifukwa zoifunira zoposa za anthu a ku London kapena ku New York, pakuti njala imeneyo tinaiona ndi maso athu, tinadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo manda a chaka chimenecho tinakumba ndife. Choncho ndinapita pamsika kwa mnyamata wina wobena, ndinaona dzina la filimuyo pagalasi, kutsogolo kwake kuli zilembo zakuti HD 1080p, zimene anandiuza kuti zikutanthauza chithunzi choyera koposa; ndinalipira, ndipo madzulo ake ndinaitana anansi. Pakati pawo panabwera mayi wina wachikulire, wokwatiwa kuno kuchokera cha ku Wimbe, atanyamula mpando wake, ali ndi chiyembekezo chakuti m'magulu a anthu a m'filimuyo aonamo nkhope za kwawo, kapena njira imene ankayenda popita kuchigayo.

Chimene tinaona usiku umenewo chinali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nkhope za anthu zinali ngati zoumba ndi dothi losauma zimene mwana wazipaka ndi chikhatho. Zochitika usiku zinali timabokosi takuda tovinavina. Mawu ankafika milomo itatseka kale. Ndipo pamene nsanja ya makina a mphepo inali kuimikidwa, tonse titatsamira kutsogolo kuti tione madzi akutuluka m'chitsime, kanema anaima, ndipo sanapitirirenso. Tinakhala chete. Mayi uja anadzuka, natenga mpando wake, nanena mofatsa kuti, "Aphunzitsi, zikomo, koma kwathu sindinakuone."

M'mawa mwake ndinapita pamsika mtima uli m'mwamba. Mnyamatayo, amene ndi mwana waulemu, wodyetsa amayi ake ndi alongo ake ndi ntchito yomweyi, anandimvera mpaka ndinamaliza, ndipo anati, "Madala, dzinali sindinalembe ndine. Ndinalitenga lili chomwecho kwa mnzanga wa ku boma, iyenso anatenga kwa wina wa ku Lilongwe." Ndinamufunsa ngati anaionerapo filimuyo kufikira kumapeto asanaigulitse, anazolika, osayankha. Kenaka anakweza maso nandifunsa funso limene landitsata kufikira lero: "Nanga ndikalemba kuti ndi yosaoneka bwino, adzagula ndani?" Ndalama yanga anandibwezera, koma funsolo ndinabwerera nalo kunyumba, chifukwa silinali lachipongwe, linali la munthu wosaka chakudya cha tsikulo, ndipo funso lotere liyenera kuyankhidwa mosamala.

Mwana wa mlongo wanga, amene anaphunzira za makompyuta, ndiye anandimasulira chimene chinachitika, ndipo ndikuchilemba pano monga ndinachimvera, pakuti wogula aliyense ayenera kuchidziwa. Chithunzi cha kanema chimapangidwa ndi timadontho tating'onoting'ono tondandalikidwa m'mizere ngati mikanda. Tikachuluka nkhope imaoneka bwino, tikachepa imaoneka chimbuuzi. Chithunzi choyenera dzina la 1080p chili ndi timadontho 1,920 mopingasa ndi 1,080 motsika, ndiko kuti toposa 2 miliyoni. DVD ya kuno ili ndi 720 ndi 576. VCD ili ndi 352 ndi 288, limene ndi gawo limodzi chabe mwa magawo pafupifupi 20 a chithunzi choyamba chija. Ndipo makanema a 3GP, amene timafoni ta mabatani tinkasewera, nthawi zambiri anali ndi 176 ndi 144 basi. Kukopera fayilo kuchoka m'fulashi ina kupita m'fulashi inzake sikuchotsa kanthu. Chimene chimachotsa ndi kuitembenuza, ndiko kuifinya kuti ichepe ndi kukwana m'kamemori kakang'ono. Apa ndi pamene fanizo la fodya limaperewera, ndipo ndinachedwa kumvetsa. Jeke imafinya fodya koma sitaya tsamba: belo likamasulidwa, masamba onse amene analowamo amatulukamo. Kufinya kanema ndi kwina, pakuti makina amasankha zimene akuyesa kuti diso silidzazisowa, nazitaya, ndipo zotayidwazo sizibwerera. Wachiwiri akafinyanso amataya zina, wachitatu zinanso, monga ufa wothiridwa kuchoka m'lichero kunka m'lichero panja pali mphepo.

Mwana wa mlongo wanga uja atafufuza fayilo yangayo anapeza kuti winawake anaifinya kuti ikwane m'foni yaing'ono, kenaka winanso anaitambasula kuti ilingane ndi dzina lalikulu lija. Koma kutambasula sikubweza chimene chinatayika, monganso kuthira madzi m'mphika wa ndiwo sikuchulukitsa nyama. Dzina linasungika lathunthu paulendo wonsewo pamene mwini dzina anali kutha, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe mwa onse amene inadutsa m'manja mwawo anaima kuti alikonze. Mlimi aliyense wa m'chigwa chino amadziwa kuwawa kwa sikelo ya venda imene imawerenga makilogalamu 45 pa thumba la makilogalamu 50. Ndipo chilamulo cha Mose, chimene timachimva m'tchalitchi, chinaika muyeso wonama m'gulu la zinthu zonyansa pamaso pa Mulungu. Zilembo za HD pa kanema wakhungu ndi sikelo yomweyo, yangosintha maonekedwe.

Chimene chinandidabwitsa koposa m'zonse zimene mwanayo anandiuza ndi chakuti ngakhale kumaiko akutali, pakati pa magulu amene amagawana mafilimu pa intaneti mozemba eni ake, ulipo mwambo wa mayina, ndipo ndi wokhwima. Filimu imene munthu anaijambula ndi kamera atakhala m'nyumba ya kanema, mitu ya anthu ikudutsa kutsogolo, amailemba CAM. Yochotsedwa mu disiki amailemba DVDRip. Yotengedwa pa intaneti osaifinyanso amailemba WEB-DL. Ndipo amaonjezapo chaka, kukula kwa chithunzi ndi chiyankhulo. Gulu likatulutsa fayilo yolakwika kapena ya dzina lonama, anzawo amaidzudzula poyera, ndipo ena amatulutsa yokonzedwa bwino n'kuilemba PROPER. Sindikuyamikira ntchito ya anthu amenewo; koma nawonso anapeza chimene abambo anga anachidziwira m'chigafa, chakuti anthu osadziwana nkhope sangapatsane kanthu kwa nthawi yaitali ngati cholembedwa kunja chisiyana ndi cha m'kati. Tsoka lake n'lakuti zilembo zimenezi zikamafika ku Chisemphere zimakhala zitataya tanthauzo. Anyamata amazikopera ngati chithumwa choitanira malonda, ndipo HD yasanduka mawu ongoti, bwerani mudzagule.

Pano ndiyenera kuulula kuti inenso ndinali ndi mlandu pa tsiku lija, chifukwa ndalama imene ndinapereka pamsika sinafike kwa aliyense wa amene anavutika kupanga filimuyo. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ntchito za aluso, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1989 ndi kukonzedwanso mu 2016, ndiponso bungwe la COSOMA, limene linayamba ntchito mu 1992, ndipo tonse tikukumbukira timapepala take tonyezimira pa makaseti ndi madisiki. Dzina loona silisambitsa katundu wotengedwa mwini asakudziwa, zimenezo ndikuzivomereza. Komabe dzina lonama limaonjeza cholakwa chachiwiri pa choyamba, pakuti likatha kunamiza wogula limafafanizanso mwini ntchito. Ndaonapo filimu ya Shemu Joyah, Seasons of a Life, imene inalemekezetsa dziko lathu kunja, italembedwa chabe kuti Malawi Movie 2. Ndamvapo nyimbo ya kwaya ina ikuyenda m'mafoni ndi dzina la kwaya inzake, mpaka oimba enieniwo kuoneka ngati akuba nyimbo yawo yomwe. Angakhale anyamata amene amamasulira mafilimu a Chitchaina ndi Chingerezi m'Chichewa, amene luso lawo ndimalilemekeza popeza lathandiza agogo kutsata nkhani, akanachita bwino kulemba kuti filimuyo ndi yomasuliridwa ndiponso kuti womasulira ndi yani, chifukwa nthawi zina amaonjezamo zawo, ndipo woonera ayenera kudziwa mawu a mwini nkhani ndi mawu a mkhalapakati.

Koma zonsezi zikanandipweteka pang'ono chabe chikanapanda china chimene chinagwa m'banja mwathu momwe. Pa ukwati wa mlongo wanga panabwera munthu wochokera ku boma ndi kamera yaikulu ya paphewa, ndipo anatisiyira tepi imodzi ya VHS, m'mene munali abambo akupereka malangizo kwa akwati, amayi akululutira, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndi akuluakulu ambiri a mudzi uno amene lero ali kumsitu. Patapita zaka, makina osewerera matepi atasowa, wachibale wina anatenga tepiyo kupita nayo kutauni kukaisandutsa disiki. Anabwera nayo disiki ya VCD yolembedwa pamwamba ndi cholembera chakuda kuti Original, ndipo popeza tinakhulupirira liwu limenelo, tinaleka kusamala tepi, ana n'kuisolola riboni yake ndi kuimanga pa timitengo poseweretsa mphepo. Disikiyo inakalika, isanatheretu wina anaisamutsira m'foni, kuchokera m'foni inapita pa WhatsApp kwa ana athu amene ali pa ntchito ku Johannesburg, n'kudukaduka m'tizidutswa, kachidutswa kalikonse kali ndi dzina la manambala okhaokha limene foni inapereka. Paulendo uliwonse kanemayo anafinyidwa, ndipo lero nkhope ya abambo anga, amene ankasiyanitsa kufiira kwa tsamba ndi kufiira kwa tsamba linzake, ndi banga lotuwa pamwamba pa jekete lakuda. Liwu limodzi lija lonama ndilo linatitayitsa tepi. Disikiyo ikanalembedwa kuti ndi chithunzithunzi chochepa chotengedwa ku tepi, tepiyo tikanaikulunga m'nsalu ndi kuisunga pansi pa sutikesi pamodzi ndi makalata a ubatizo.

Chaka chathachi mdzukulu wina wa abambo, wobadwira ku Joni, amene sanawaonepo agogo ake, ananditumizira kachidutswa ka kanema kolembedwa kuti Agogo akuvina ku Chisemphere, ali wokondwa kuti wawaona. Ndinayang'ana kawiri, katatu. Wovinayo sanali abambo. Anali mkulu wina wa mudzi wina, pa ukwati wina, amene kanema wake anasakanikirana ndi wathu m'foni ya winawake. Ndinalimbana ndi mtima wanga masiku angapo, poganiza kuti kapena ndingomuleka mwanayo ndi chimwemwe chake. Koma ndinaona kuti ndikatero ndiye kuti ndasoka belo ndikudziwa kuti m'kati muli tsamba lachilendo, ndipo iye adzalipereka kwa ana ake litasokedwa, iwonso kwa ana awo, kufikira munthu wa eni adzakhala kholo lathu, kholo lathu lenileni n'kuiwalika. Ndinamuuza zoona. Anakhumudwa, koma anafunsa kuti, "Nanga agogo enieniwo ndi ati, amalume?" Ndipo ndinamutumizira banga lotuwa lija, pamodzi ndi mawu ofotokoza kuti anali yani, anaima pati, ndipo ankanena chiyani.

Ndikaganiza zimenezi ndimakumbukira Hugh Tracey, amene m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958 anayenda m'dziko lino, likali Nyasaland, akujambula nyimbo za makolo athu, za bangwe, za kalimba, za pamtondo ndi za magule, ndipo anakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo ya International Library of African Music mu 1954, imene lero ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Makina ake anali a nthawi imeneyo, ndipo foni ya mwana wa sekondale lero ingawapose m'zambiri; koma pa nyimbo iliyonse ankalemba woimba, mtundu wake, chiyankhulo, malo ndi chaka, nthawi zinanso tanthauzo la mawu. Chifukwa cha zolembazo, patapita zaka zoposa 60, mdzukulu angathe kupeza mawu a agogo ake ndi kunena mosakayika kuti awa ndi athu. Ife tili ndi makamera m'matumba monse, timajambula maukwati, zinamwali, kuvundukula ziliza, misonkhano ya makwaya, ngakhale gule wamkulu amene UNESCO inamulemekeza mu 2005; ndipo ndikuopa kuti pa zonse zimene tikujambula, adzukulu athu adzalandira zochuluka koma zosadziwika mwini, mulu wa nkhope zopanda mayina.

Tsono ndibwerere kwa mnyamata wa pamsika uja ndi funso lake, lakuti adzagula ndani. Mwana wanga, abambo anga sanatayepo fodya wa m'munsi. Ankamudinda m'belo lakelake, namutumiza ku okushoni monga momwe alili, ndipo ankagulidwa pa mtengo wake, pakuti alipo ogula amene amafuna fodya wotereyo. Kanema wofinyidwa nayenso ali ndi malo ake: amakwana m'kamemori kotsika mtengo, amasewera m'foni yaing'ono, satha batire msanga, ndipo mlonda wa usiku kapena mayi wodikira odwala kuchipatala angamufune ameneyo kumene. Umphawi wa chithunzi ulibe manyazi. Uzani wogula kuti iyi ndi ya foni, iyo ndi ya kanema wamkulu. Kuti iyi yaduka kumapeto, iyo ndi yomasuliridwa. Lembani dzina limene mwini filimu anaipatsa, chaka chake, ndi amene anaipanga. Ndipo musanagulitse chinthu, chionereni kufikira chithe, monga mlimi amapisa dzanja m'belo lake asanalisoke. Pa msika wathu obena ndi ambiri ndipo mafilimu awo ndi omwewo. Chimene chidzabwezera munthu pa tebulo lako chaka ndi chaka, n'kudutsa matebulo ena, ndi kudziwa kuti chimene walemba iwe ndicho akachipeze kunyumba.

Ndipo inu amene muli ndi matepi ndi madisiki a maukwati ndi maliro a kwanu, musawataye chifukwa chakuti mwawasamutsira m'foni. Asungeni pouma, ndipo pa fayilo iliyonse lembani mwambo wake, mudzi, chaka, ndi kumene inachokera, kaya ndi ku tepi, ku disiki kapena ku foni ya mnzanu. Funsani akuluakulu akali moyo. Kwathu kuno mlongo wanga ndi yekhayo watsala amene angatchule anthu onse a m'kanema uja mmodzimmodzi, powazindikira ndi kayendedwe ndi zovala zawo popeza nkhope zinafufutika, ndipo maso ake ayamba kuchita mdima. Loweruka likudzali ndikupita kwa iye ndi kope ndi cholembera.